Mlangizi Pakati pa Awiri: Za Chinsinsi ndi Chilungamo pa Uphungu wa Mabanja

Tiyambe ndi chitsanzo chimene ansembe, anamwino ndi akuluampingo ambiri angachizindikire msanga. Mwamuna ndi mkazi abwera kwa mlangizi chifukwa m'nyumba mwawo mwalowa mphepo: sayankhulana, nsima imabwerera kukhitchini yosakhudzidwa, ndipo ana aleka kuseka. Akambirana kwa ola lathunthu, napangana tsiku lokumananso. Potuluka, mwamuna auza mkazi wake kuti atsogole, iye waiwala chipewa. Abwerera, atseka chitseko, nanena motsitsa mawu kuti: "Bambo, pali kanthu kamene sindinanene. Ndili ndi mwana kwina, wa zaka zitatu. Koma chonde, mayi akunyumba asamve." Atatero atola chipewa chake, ulendo.

Sabata yamawa mkazi uja adzakhala pa mpando womwewo, nadzafunsa ndi misozi chifukwa chake ndalama sizikwananso pakhomo, ndipo mlangizi adzakhala akulidziwa yankho. Akakhala chete, wasanduka mnzake wa mwamuna pa chinyengo. Akaulula, wapereka munthu amene adamkhulupirira. Vuto lotere dokotala wa malungo sakumana nalo kawirikawiri, pakuti iye ali ndi wodwala mmodzi. Mlangizi wa banja ali ndi anthu awiri kapena asanu m'chipinda chimodzi, ndipo chokomera wina chingathe kupweteka mnzake. Mafunso ambiri okhudza khalidwe loyenera pa ntchito imeneyi atuluka pa gwero limeneli.

Kumene ntchitoyi idachokera

Kulangiza mabanja n'kwakale ngati banja lenilenilo. Koma kulangiza monga ntchito ya akatswiri, yokhala ndi maphunziro ndi malamulo ake, kudakula makamaka ku United States. Bungwe la alangizi a maukwati la dzikolo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1942, ndipo kuyambira 1978 likudziwika ndi dzina lakuti American Association for Marriage and Family Therapy. Pakati pa 1954 ndi 1959 dokotala wa matenda a maganizo, Murray Bowen, ankagoneka m'chipatala odwala pamodzi ndi makolo awo kuti aone m'mene amakhalirana. Virginia Satir adasindikiza buku lake lakuti Conjoint Family Therapy mu 1964, ndipo Salvador Minuchin, wobadwira ku Argentina, amene ankagwira ntchito ku Philadelphia, adatulutsa Families and Family Therapy mu 1974. Anthu amenewa adasiyana pa zambiri, koma adagwirizana pa mfundo imodzi: kuti munthu amene abale ake amamloza chala kuti ndiye wodwala, kawirikawiri amangosenza poyera matenda a nyumba yonse. Mwana wothawa sukulu mwina akuonetsa mkangano wa makolo ake umene eniakewo safuna kuutchula.

Kwa ife mfundo imeneyi si yachilendo. Makolo athu sankaona ukwati ngati nkhani ya anthu awiri okha. Koma tiyenera kuona bwino chotsatira chake. Ngati wodwala ndi banja, kodi banja lili ndi pakamwa poti livomere kuthandizidwa? Lili ndi msana woti umve ululu wa ndodo? Iyayi. Ovomera, omva ululu, ndiponso oyankha mlandu ndi anthu, aliyense payekha. Immanuel Kant adaphunzitsa kuti munthu sayenera kusandutsidwa chida chabe chopezera cholinga china, ngakhale cholingacho chikhale chabwino chotani. Mlangizi amene apereka nsembe mtendere wa mkazi, kapena ubwana wa mwana, kuti nyumba ioneke yoima, walakwira anthu enieni pofuna kutumikira dzina.

Nkhoswe imodzi ya mbali ziwiri

Mwambo wa unkhoswe uli ndi nzeru imene sitiiyamikira mokwanira. Mwamuna ali ndi ankhoswe ake, mkazinso ali ndi ake, ndipo palibe amene amayembekeza kuti nkhoswe ikhale yopanda mbali. Malume a mkazi abwera kudzaimira mwana wa mlongo wawo, ndipo onse akudziwa zimenezo. Chilungamo chimabadwa pamene mbali ziwirizi zikumana pa mphasa imodzi, aliyense ali ndi womulankhulira. Mlangizi wa masiku ano ali yekha, ndipo afunika kukhala nkhoswe ya onse awiri.

Akatswiri adayankha vutoli m'njira ziwiri. Gulu la ku Milan, lotsogoleredwa ndi Mara Selvini Palazzoli, lidalemba mu 1980 kuti mlangizi akhale wosaima mbali iliyonse, kotero kuti pakutha pa zokambirana pasakhale ndi mmodzi yemwe wonena kuti anali kumbali yake. Ivan Boszormenyi-Nagy, dokotala wochokera ku Hungary amene adamwa kwambiri maganizo a Martin Buber, adaona mwina. Iye adati mlangizi aime kumbali ya aliyense mosinthanasinthana: amve dandaulo la mkazi mpaka pansi pake, kenaka la mwamuna chimodzimodzi, ndipo alankhulireko ngakhale amene palibe m'chipindamo, monga ana, agogo, ndi ana amene sanabadwe. Buku lake la 1973, Invisible Loyalties, limene adalemba ndi Geraldine Spark, likamba za mangawa osaoneka amene mibadwo imasiyirana. Ine ndiona kuti njira yachiwiriyi ndiyo ili pafupi ndi tanthauzo lakale la chilungamo, limene Thomas Aquinas adalilandira kwa akatswiri a malamulo a ku Roma, lakuti ndi mtima wokhazikika wopatsa aliyense chimene chili chake. Wosaima mbali iliyonse sapatsa munthu kanthu. Amangopewa kulanda.

Mitundu ya chinsinsi

Tibwerere kwa mwamuna wa chipewa uja. Mabuku akale a maphunziro a chikhalidwe cha Chikhristu ankasiyanitsa zinsinsi zitatu. Secretum naturale ndi chinthu chimene mwa chikhalidwe chake sichiyenera kufalitsidwa, ngakhale palibe amene adatipempha kutero. Secretum promissum ndi chimene tidalonjeza kusunga titachimva kale. Secretum commissum ndi chimene munthu adatiuza pokhapokha chifukwa panali pangano, lonenedwa kapena lodziwika, lakuti tidzasunga. Chinsinsi cha dokotala, cha loya ndi cha mlangizi n'cha mtundu wachitatuwu, ndipo ndicho cholemera kuposa zinazo, chifukwa chikasweka wovulala si mwini nkhani yekha: anthu onse amaleka kupita kukafuna thandizo.

Komabe chinsinsi chimenechi chili ndi malire. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa nambala 2491, aphunzitsa kuti chingaululidwe pokhapokha ngati kuchisunga kungadzetse choipa chachikulu kwambiri kwa mwini wake, kwa wochilandira, kapena kwa munthu wina, ndipo palibe njira ina yopewera choipacho. Makhoti adafika pafupi ndi pomwepo poyenda njira yawo. Mu 1969 wophunzira wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Prosenjit Poddar, adauza katswiri wa za maganizo amene ankamthandiza kuti afuna kupha mtsikana wina. Apolisi a pa sukulupo adadziwitsidwa, namgwira kanthawi, nammasula. Mtsikanayo, Tatiana Tarasoff, ndi makolo ake sadachenjezedwe, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adaphedwa. Khoti lalikulu la California lidagamula mu 1976 kuti wothandiza odwala maganizo ali ndi udindo woteteza munthu amene ali pa ngozi yotere. Chigamulochi si lamulo kwathu kuno, koma maphunziro a alangizi m'maiko ambiri amachitchula.

Tsono nkhani ya mwana wobadwira kwina si ya mtundu umenewo. Palibe amene afuna kuphedwa. Malamulo a bungwe la ku America lija anena kuti pothandiza banja, mlangizi asaulule kwa wina za mnzake popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nkhani. Chifukwa chake alangizi ozindikira amakonza nkhaniyi pa tsiku loyamba, chinsinsi chisanabwere. Ena amanena poyera kuti sadzasunga kanthu kobisira mmodzi mwa awiriwo, ndipo wonena kanthu payekha adziwe kuti kadzafika pa mphasa. Ena amalonjeza kusunga zonse. Enanso amati adzaweruza okha, malinga ndi kulemera kwa nkhani. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Yoyamba imatseka pakamwa anthu amene akadayankhula, ndipo mlangizi amagwira ntchito mumdima. Yachiwiri imamsandutsa nkhokwe ya mabodza. Yachitatu imampatsa mphamvu zambiri, zimene si aliyense angazisenze bwino. Cholakwika chenicheni ndi kusanena kanthu, kenaka n'kuganiza pamene chitseko chatsekedwa kale.

Nanga ngati sadakonze? Pamenepo afunika kuitana mwamunayo payekha ndi kumuuza zoona: kuti sadzaulula, komanso kuti sangapitirize kukhala pakati pa awiriwo ngati kuti sadziwa kanthu. Ampatse nthawi yodziwika, masabata awiri kapena atatu, ndipo adzipereke kukhalapo pa tsiku limene mwamunayo adzauze mkazi wake. Akakana, mlangizi aleke zokumana za pamodzi, nauze onse awiri kuti pali chopinga chimene iye sangathe kuchichotsa. Ndivomera kuti mkazi wanzeru adzamva fungo. Koma kumva fungo si kuuzidwa, ndipo mlangizi sali ndi udindo wonama kuti aphimbe bodza la wina.

Zinsinsi sizilemera mofanana. Chigololo cha zaka makumi awiri zapitazo, chimene chidatha ndipo mwini wake adachilira, si chimodzi ndi chibwenzi chimene chikudya ndalama za fizi ya ana lero. Funso lothandiza ndi ili: kodi wobisiridwayo akusankha zinthu lero, za thupi lake, za chuma chake, za tsogolo lake, zimene sakadasankha akadadziwa? Kachilombo ka HIV ndiko kamaonetsa kulemera kwa funsoli kuposa china chilichonse. Apa sayansi idasintha zina. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene adatsata mabanja 1,763 m'maiko 9, kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, adaonetsa mu 2011 kuti munthu akayamba msanga mankhwala a ARV, mwayi wopatsira mnzake kachilombo umatsika ndi 96 pa 100 iliyonse. Motero mlangizi ali ndi chochita chimene anzake a zaka za m'ma 1990 adalibe: kufulumiza munthuyo ku mankhwala, ndi kuwaitana awiriwo kuti akayezetse limodzi, kuti choona chituluke m'manja mwa achipatala amene adaphunzira kuchinyamula. Koma mankhwala sachotsa ufulu wa mnzake wodziwa. Iyenso mwina ali nako kale, ndipo mwezi uliwonse wa chete ndi mwezi umene sakulandira chithandizo.

Wansembe ali ndi mfundo ina pamwamba pa zonsezi. Chinsinsi cha sakramenti la kulapa chilibe malire konse. Msonkhano wa Lateran wachinayi udachikhwimitsa mu 1215, ndipo malamulo a Mpingo a 1983 abwereza zomwezo pa nambala 983. Nambala 984 iletsanso kugwiritsa ntchito zimene wansembe wamva m'njira yopweteka wolapa, ngakhale popanda kuulula. Mwambo umasimba kuti Yohane wa ku Nepomuk adaponyedwa mu mtsinje ku Prague mu 1393 chifukwa chokana kuuza mfumu Wenceslaus zimene mkazi wake adalapa. Olemba mbiri amaloza mkangano wa pakati pa mfumu ndi arkiepiskopi monga chifukwa chenicheni, koma n'zochititsa chidwi kuti nthano imene Akhristu adaisunga ndi ya mwamuna wofuna kudziwa za mkazi wake kudzera mwa wansembe. Chotsatira chake n'chosavuta kuchiona. Wansembe amene akulangiza banja asakhale wolapitsa wa aliyense mwa awiriwo pa nthawi imeneyo. Awatumize kwa mnzake. Ife a m'seminale tikuidziwa nzeru imeneyi, pakuti nambala 985 iletsa mkulu wa seminale kulapitsa ophunzira okhala naye nyumba imodzi, kupatula ngati iwo eni apempha pa nthawi ina yake. Amene ali ndi udindo woweruza poyera asasenze zimene sangathe kuzigwiritsa ntchito.

Pamene m'nyumba muli ndodo

Apa ndipo pamene chiphunzitso chakuti vuto n'la banja lonse chidapunthwa. Chiphunzitsocho chimati zochita za m'banja zimazungulira: mkazi alongolola chifukwa mwamuna amwa, mwamuna amwa chifukwa mkazi alongolola, ndipo kufunsa amene adayamba n'kutaya nthawi. Pa mikangano wamba zimenezi zimathandiza, chifukwa zimachotsa anthu pa mpando woweruzana. Koma Michele Bograd mu 1984 adaonetsa kuti maganizo omwewo akagwiritsidwa ntchito pa mkazi womenyedwa amamgawira theka la mlandu umene si wake. Awiriwo sali pa muyeso umodzi wa mphamvu. Mmodzi ali ndi mantha, winayo alibe.

Nzeru zakale za khalidwe zidali ndi yankho kale. Chokhumudwitsa chingathe kufotokoza mkwiyo, koma dzanja lotukulidwa n'la mwini wake. Mwamuna yemweyo amene amati mkazi ndiye amamuputa, saputidwa mpaka kumenya bwana wake kuntchito kapena wapolisi pa msewu. Amadziwa kusankha womumenya, ndipo wodziwa kusankha ali ndi mlandu pa chimene wasankha.

Pa zochitika, mfundo yake ndi iyi. Kukhazika womenya ndi womenyedwa m'chipinda chimodzi, n'kuwauza kuti alankhule momasuka, ndi kutchera mkaziyo msampha. Akanena zoona adzalipira usiku womwewo. Akabisa, mlangizi adzapita kwawo wokondwa kuti zinthu zikuyenda. Chifukwa chake alangizi ambiri tsopano amayamba ndi kuonana ndi aliyense payekha, ndi kufunsa molunjika ngati pali kumenyana, kuopsezana, kukakamizana kuchipinda kapena kulandana ndalama. Izi zikapezeka, zokumana za pamodzi ziyamba zaima, ndipo choyamba ndi chitetezo: kumene mkazi ndi ana angagone, amene angamuitane, ndi njira ya kuchipatala. Malawi ali ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, limene lipatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumzunza, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mlangizi wosadziwa zimenezi sanakonzeke ntchito yake. Tisaiwalenso kuti alipo amuna ozunzidwa, amene manyazi amawatseka pakamwa kuposa mantha.

Mawu akuti banja ndi kupirira ali ndi choona chake: palibe ukwati umene ungakhale popanda kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako. Koma mawu omwewo abwezera akazi ambiri ku nyumba zimene adatulukamo atanyamulidwa. Pano ankhoswe nawonso amalephera, chifukwa ali ndi zawo zoteteza: dzina la mtundu, ubale wa midzi iwiri, ndi funso lakuti akabwerera kuno adya chiyani. Mpingo umene umaphunzitsa kuti ukwati sumasulika ndi womwewo umene, pa nambala 1153 ya malamulo ake, ulola munthu kuchoka ngati mnzake akumuika iye kapena ana pa ngozi yaikulu ya mzimu kapena ya thupi, ndipo ngati kuchedwa kuli koopsa angachoke osadikira chilolezo. Papa Francis, m'kalata yake ya 2016 yotchedwa Amoris Laetitia, pa ndime 241, adati nthawi zina kupatukana kumafika pokhala kofunika mwa chikumbumtima, pofuna kuteteza wofooka ndi ana aang'ono. Wolangiza mkazi wotupa nkhope kuti abwerere m'dzina la chikhulupiriro akuphunzitsa zoposa zimene Mpingo uphunzitsa.

Maganizo a mlangizi mwini

Palibe mlangizi wopanda maganizo ake pa za ukwati, ndipo mbiri itichenjeza za amene amawabisa. Paul Popenoe, amene adatsegula malo olangizira mabanja ku Los Angeles mu 1930 ndipo adatchuka kwambiri pa ntchitoyi, anali wolimbikitsa kutseketsa anthu amene ankawayesa osayenera kubereka. Ankafuna kupulumutsa maukwati a anthu amene iye ankawaona ngati mbewu yabwino. Kumbali inayo, William Doherty, m'buku lake la 1995 lakuti Soul Searching, adadzudzula anzake amene amafunsa munthu funso limodzi lokha, lakuti kodi ukupeza chiyani m'banjamu, ngati kuti malonjezo ndi ana si kanthu. Uyunso akulalika chiphunzitso, ngakhale akudzitcha wosaweruza.

Choyenera, m'kuona kwanga, ndi kunena poyera pa chiyambi. Mlangizi wa ku parishi auze anthu kuti iye amakhulupirira kuti ukwati ngwa moyo wonse ndipo adzayesetsa kuuchiritsa. Anenenso kuti sadzabisa choona kapena kunyalanyaza ngozi pofuna cholinga chimenecho. Akatero anthu adziwa amene akuyankhula naye. Chosankha chomaliza n'cha eni banja, pakuti ndiwo adalumbira, ndiwonso adzakhala ndi zotsatira zake mlangizi atasamutsidwa kale kupita ku parishi ina.

Za malire ena ndingodutsa mwachangu, chifukwa n'zodziwika ngakhale zimaswedwa. Chibwenzi pakati pa mlangizi ndi wolangizidwa n'choletsedwa kotheratu. Munthu wosweka mtima amakonda msanga amene wamumvetsera, ndipo kudyerapo mwayi n'kuba. M'mudzi mlangizi sangapewe kukumana ndi anthu ake pa msika, pa maliro ndi ku Mphakati, motero afunika kusamala lilime kuposa mnzake wa mu mzinda waukulu: kachitsanzo ka mu ulaliki, ngakhale kopanda dzina, mudzi wonse umakazindikira. Nkhuku yochokera kwa mmodzi mwa awiriwo mlandu uli pakati, ndi bwino kuibweza mwaulemu. Ndipo pali mavuto amene kukambirana kokha sikuwatha, monga uchidakwa wozika mizu, matenda a maganizo, ndi munthu wolankhula zodzipha. Amenewa ngofunika achipatala, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu. Kuwasunga chifukwa chofuna kuoneka wodziwa zonse ndi kunyada kumene kungathe kutayitsa moyo.

Watsala munthu mmodzi m'chitsanzo chathu chija amene sitinamtchule mokwanira: mwana wa zaka zitatu. Iye sadzalowa m'chipinda cha mlangizi, ndipo onse awiri, mwamuna ndi mkazi, angakonde kuti akadapanda kukhalapo. Koma alipo, ndipo Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994, pa gawo 23, anena kuti ana onse ayenera kuonedwa mofanana pamaso pa lamulo, mosayang'ana m'mene adabadwira. Ali ndi ufulu wa chakudya, wa sukulu, ndi wodziwa bambo wake. Mgwirizano uliwonse umene ungabwezeretse mtendere m'nyumba ija pomtaya iye, mlangizi sangaudalitse. Ndipo pokambirana ndi mwamunayo payekha, angamkumbutse chinthu chimene tonse tachionapo: kuti ana obisidwa amatulukira pa maliro, atagwiridwa dzanja ndi amayi awo, pa tsiku limene mkazi wamasiye sangathenso kufunsa mwamuna wake funso lililonse.